Chikho cha handball mu Africa: zaka 50 m'manja mwa maiko atatu

Lero tiyeni tikambeko mbiri ya masewera amene ambirife kuno ku Machinga ndi ku Balaka timangowamva.

Kwathu kuno tikati mpira wamanja timatanthauza ntchemberembaye, wa ma Queens uja. Koma ulipo wina wotchedwa handball. Timu iliyonse imakhala ndi osewera 7 kuphatikiza goloboyi, ndipo amagoletsa poponya mpira ndi dzanja m'golo laling'ono, lotambalala mamita 3. Bwalo lake ndi la mamita 40 mulitali ndi 20 mulifupi. Amasewera zigawo ziwiri za mphindi 30.

Bungwe loyang'anira masewerawa mu Africa, la CAHB, linakhazikitsidwa mu 1973 ku Lagos. Chaka chotsatira, mu 1974, matimu a amuna oimira maiko anakumana koyamba mumzinda wa Tunis, ndipo chikho chinatsala pakhomo pomwepo. Tunisia inachitenganso mu 1976 ndi mu 1979.

Kenaka inafika nthawi ya Algeria. Pansi pa mphunzitsi wawo Aziz Derouaz, anyamatawa anapambana kasanu kotsatizana: mu 1981, 1983, 1985, 1987 ndi 1989. Egypt ndi imene inawadula liwiro mu 1991. Kuchokera apo chikhochi chinkangozungulira pakati pa atatuwa, moti pofika mu 2024 Tunisia inali itachitenga maulendo 10, Egypt 9, Algeria 7. Zaka 50 zathunthu, dziko la kum'mwera kwa chipululu cha Sahara osachikhudzako!

Kodi chinsinsi chawo n'chiyani? Si msinkhu, si mankhwala ayi. Makalabu awo akuluakulu amene timawadziwa pa mpira wamiyendo, monga Al Ahly ndi Zamalek a ku Cairo kapena Espérance ya ku Tunis, ali ndi matimu a handball. Mwana amayamba ali wamng'ono, ndipo amakula akusewera mu ligi chaka ndi chaka. Zipatso zake zinaoneka ndi kunja komwe. Pa mpikisano wa dziko lonse Egypt inathera pa nambala 4 mu 2001, Tunisia nayo chimodzimodzi mu 2005. Pa masewera a Olympic a ku Tokyo mu 2021, Egypt inatheranso pa nambala 4.

Komabe chitseko sichinatsekedwe. Angola inathera pa nambala 3 mu 2016 ndi mu 2018. Koma amene amandipatsa maganizo kwambiri ndi a ku Cape Verde, dziko la tizilumba ta m'nyanja ya Atlantic. Analowa mumpikisanowu koyamba mu 2020, ndipo mu 2022 anafika m'ndime yotsiriza kumene anagonja ndi Egypt. Anthu a dziko lonselo ndi pafupifupi theka la miliyoni. Pomwe kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 700,000 m'boma la Machinga lokha, ndi oposa 400,000 ku Balaka. Taganizani!

Anansi athu a ku Zambia nawonso anapita ku Tunisia mu 2020, n'kupitanso ku Egypt mu 2022 ndi mu 2024. Sanafike patali, koma mbendera yawo inaoneka. Pa matimu 16 amene anasewera ku Cairo mu 2024, ya Malawi panalibe.

Ndiye phunziro la mbiriyi ndi lathu ife aphunzitsi. Akuluakulu anati m'mera m'poyamba. Dziko silipita ku mpikisano wa masewera amene ana ake sanawaonepo. Handball safuna zambiri: malo osakwana ngakhale theka la bwalo la mpira wamiyendo, mitengo yomangira magolo awiri, mpira umodzi ndi wezulo. Pali anyamata ndi atsikana amene pa mpira wamiyendo amangokhala oonerera, pomwe mwala amauponya kudutsa mtengo wa mango. Amenewotu ndi osewera, akungosowa wowaonetsa.

Inu amene mumayang'anira zamasewera m'sukulu za ku Liwonde, Ntaja, Ulongwe ndi Phalula, teremu ikubwerayi yesani tsiku limodzi pa sabata. Ndipo inu ana anga amene muli pantchito m'tauni, mukamabwera kumudzi pa Khrisimasi kapena pa Idi, mugulireko mpira umodzi sukulu imene inakulerani.