Kusanja si kufufuta

Mphunzitsi wa ku Bandawe akapita ndi laputopu yochedwa kwa wokonza pa Chintheche, yankho limakhala lalifupi: "Tiyiyeretsa, aphunzitsi." Mneni mmodziyu tamusenzetsa ntchito zitatu: kuchotsa mavayirasi, kufomata, ndi ija Windows imalemba kuti Defragment. Vuto lagona pamenepa. Kufomata kumasesa zonse, mayeso a Fomu 4 ndi zithunzi za ukwati zomwe, pamene ntchito yachitatuyi sichotsa ngakhale chilembo chimodzi. Munthu amavomera osadziwa chimene wavomera.

Hadi disiki yachikale ili ndi mbale zozungulira ndi kamkono kowerengera. Mukamasunga ndi kufufuta mafayilo kwa miyezi, pamatsala mipata apa ndi apo. Fayilo yaikulu ikabwera imadulidwa zidutswazidutswa n'kulowetsedwa m'mipatamo, ndiye poitsegula kamkono kaja kamayamba kutolatola, uku inu mukudikira. Pulogalamu ya Defragment imangosuntha zidutswazo kuti zikhale motsatana. Mneni wa ntchito yotere tili naye kale: kusanja. Wokonza anene kuti "ndisanja mafayilo pa disiki", ndipo mwini adziwa kuti katundu wake sachoka.

Anyamata ena amati "kudifiragi". Kubwereka mawu sindikukana, kompyuta ndi fayilo tidabwereka ndipo zidakhazikika. Koma mawu oti "kudifiragi" samuuza kanthu mwini makinawo, amangomuchititsa manyazi kufunsa. Ndipo kusakasaka mawu si kwachilendo m'dera lino: Robert Laws, amene adasamutsira mishoni ya Livingstonia ku Bandawe mu 1881 kuchoka ku Cape Maclear, adatulutsa dikishonale ya Chingerezi ndi Chinyanja mu 1894. Mneni woyenera m'Chitonga ndiwasiyira eni ake.

Pa mapulogalamu osanjira, mawu oti "yaulere" tisamale nawo. Defraggler ya kampani ya Piriform ndi yaulere ndithu, ndipo Windows 7 ndi zotsatira zake zimabwera ndi chosanjira chawo chimene chimagwira chokha mlungu uliwonse. Koma pulogalamu yogulitsa imene wina waithyola loko ndi yakuba, tizinena choncho.

Makina atsopano ambiri ali ndi SSD, yopanda mbale kapena kamkono. Imeneyi sifuna kusanja, ndipo kuikakamiza kumangoikalambitsa msanga. Wokonza akati asanja, mufunseni kaye kuti m'katimo muli disiki yamtundu wanji.