Tiki, Shilingi ndi Paundi: Ndalama Zakale za ku Britain Zinatha Liti Mphamvu?

Mpaka pa 15 Febuluwale 1971, mwana wa sukulu ku Britain ankaloweza kuti makobiri 12 amapanga shilingi imodzi, ndipo mashilingi 20 amapanga paundi. Choncho paundi inali makobiri 240. Masamu ake ankatulutsa thukuta, komabe shilingi inali ndi ubwino wake: anthu awiri, atatu, anayi kapena asanu ndi mmodzi ankatha kuigawana popanda chotsala. Patsikuli boma linasintha kawerengedwe, paundi n'kukhala makobiri atsopano 100.

Ndalama zakalezo sizinafe tsiku limodzi. Farthing, yomwe inkafunika zinayi kuti zikwane kobiri, inali itachotsedwa kale kumapeto kwa 1960 chifukwa sinkagulanso kanthu. Theka la kobiri linatsatira mu 1969, ndipo half crown, ya mashilingi awiri ndi makobiri 6, inatha pa 1 Januwale 1970. Kobiri lakale ndi tiki zinasiya kugwira ntchito kumapeto kwa Ogasiti 1971, popeza sizinkalowa bwino m'kawerengedwe katsopano. Sikisipensi anthu anaikakamira, moti inayendabe ngati makobiri atsopano awiri ndi theka mpaka 1980.

Zamwayi zinali shilingi ndi florin ya mashilingi awiri. Izi zinkafanana ndendende ndi makobiri atsopano 5 ndi 10, ndipo ndalama zatsopanozo zinasulidwa dala pa kukula ndi kulemera komweko. Motero m'thumba limodzi munkapezeka nkhope ya Mfumu George VI ndi ya mwana wake, Mfumukazi Elizabeth II, zonse zikugula buledi. Shilingi inachotsedwa kumapeto kwa 1990, florin mu 1993, boma litatulutsa zina zing'onozing'ono.

Apa m'pamene ambiri amasokonezeka. Ku England, kunena kuti ndalama ndi yovomerezeka ndi lamulo sikutanthauza kuti wamusitolo ayenera kuilandira. Kumangotanthauza kuti wangongole akaipereka yokwanira, mwini ngongole sangapambane mlandu woti sanalipidwe. Mwa tanthauzo limeneli ndalama zina zakale zikadali zamoyo. Crown, ya mashilingi asanu, ikadawerengedwa ngati makobiri atsopano 25, ndipo sovereign ikadali paundi imodzi. Koma wogulira sopo sovereign angakhale wotaya chuma, chifukwa muli golide wopitirira magalamu 7.

Anthu osonkhanitsa ndalama zakale salabadira kwenikweni za lamuloli. Amayamba kuyang'ana chaka. Mashilingi osulidwa 1920 isanafike ali ndi siliva wokwana magawo 925 pa 1,000. Kuyambira 1920 mpaka 1946 siliva anatsika kufika theka, ndipo kuyambira 1947 munalibenso siliva, koma mkuwa wosakaniza ndi nikelo. Nkhondo ziwiri zikuluzikulu zinadya chuma cha Britain, ndipo umboni wake uli m'chitsulo chenichenicho. Kenako amaona kuperepeseka ndi kusowa kwake. Makobiri wamba anasulidwa miyandamiyanda, n'chifukwa chake chitini chodzaza nawo sichilemeretsa munthu. Kobiri la 1933 ndi nkhani ina: chaka chimenecho anasula ochepa kwambiri, osafika ngakhale khumi, ndipo ena anakwiriridwa pansi pa maziko a nyumba zomwe zinkamangidwa.

Kawerengedwe aka kanafikanso kumalire a Tete ndi Niassa. Nyasaland ndi ma Rhodesia awiri ankagwiritsa ntchito mapaundi, mashilingi ndi makobiri, ndipo kobiri la nthawi ya chitaganya linali loboola pakati, losavuta kulitunga pachingwe. Amuna opita kukagwira ntchito m'migodi ndi m'minda ya fodya ankabwera nazo kumudzi, ngakhale kuti Mozambique inali ndi escudo ya masentavo 100. Zambia inasiya paundi mu 1968, Malawi mu 1971, ndipo konseko makwacha awiri analowa m'malo mwa paundi imodzi, shilingi n'kusanduka ngwee 10 kapena matambala 10. Ndalamazo zinatha, koma agogo ena akamatchula mtengo wa mbuzi kapena msonkho wakale amawerengabe ndi tiki ndi shilingi, monga momwe mawu akuti conto akadamvekera m'misika ya ku Mozambique, metical italowa kale m'malo mwa escudo pa 16 Juni 1980.