Kamtambo Kamene Sikanali Mtambo

Mu November, magetsi akathima, kumwamba kukakhala kopanda mwezi, ndimatuluka panja cha m'ma 8 koloko usiku n'kuyang'ana kumpoto. Pali kachinthu kooneka mwachimbuuzi ngati utsi. Ana anga a Fomu 4 sakhulupirira ndikawauza kuti ndi mlalang'amba wina, wotchedwa Andromeda. Sindiwadzudzula, chifukwa akatswiri enieniwo anakangana za iko zaka zambiri.

Katswiri wa ku Persia, al-Sufi, analemba za iko cha m'ma 964, ndipo anakatcha kamtambo. Funso linali lakuti, kodi kali m'kati mwa mlalang'amba wathu wa Milky Way kapena kunja? Mu April 1920, Harlow Shapley ndi Heber Curtis anatsutsana pagulu ku Washington. Shapley anati zonse zili m'kati mwa mlalang'amba wathu. Curtis anati ayi, Andromeda ndi mlalang'amba pawokha. Anabalalika mlandu usanagamulidwe.

Chonsecho muyeso unalipo kale, ndipo anaupeza ndi mayi. Henrietta Leavitt ankagwira ntchito yoona zithunzi za nyenyezi ku Harvard, pa malipiro ochepa. Anafufuza nyenyezi zotchedwa Cepheid, zimene zimawala kwambiri, kenako n'kuzilala, n'kuwalanso. Mu 1912 anaonetsa kuti nyenyezi yotenga masiku ambiri kuti imalize kusinthaku ndiyo yowala kwambiri. Tamvetsani bwino apa. Mukawerenga masikuwo, mwadziwa kuwala kwake kwenikweni. Mukayerekeza ndi mmene ikuonekera kuno, mwadziwa mtunda. Zili ngati galimoto usiku: mukadziwa mphamvu ya nyali zake, kuzilala kwake kumakuuzani kuti ili kutali bwanji.

Mu October 1923, Edwin Hubble anajambula Andromeda pa phiri la Mount Wilson ku California, ndi telesikopu ya galasi la mainchesi 100. Pachithunzipo anaona kanyenyezi n'kulembapo "N", poganiza kuti ndi nyenyezi yongophulika. Atayerekeza ndi zithunzi zakale anafufuta n'kulemba "VAR!" Inali Cepheid, yosintha pa masiku 31 alionse. Masamu ake anaonetsa kuti kuwala kochokera kumeneko kumayenda zaka pafupifupi 900,000 kuti kutipeze, mtunda woposeratu kukula kwa Milky Way. Curtis ananena zoona.

Koma Hubble nayenso anaphonya. Mu 1952 Walter Baade anaonetsa kuti nyenyezizi zilipo za mitundu iwiri, ndipo mtundawo unawirikiza. Lero timati zaka 2.5 miliyoni, kuwalako kukuthamanga makilomita 300,000 pa sekondi!

Chimandiwawa n'chakuti ana ambiri amadziwa dzina la Hubble, koma la Leavitt ayi. Mayiyu anamwalira ndi khansa mu 1921, osaona zimene muyeso wake unachita. Chaka chino ndauza atsikana a m'kalasi mwanga kuti alembe dzina lake pachikuto cha kope la Physics.