Matekenya, Khate ndi Msewu wa ku Songwe: Mbiri ya Khungu la Apaulendo

Chipata cha Songwe, m'boma la Karonga, ndi pomwe pamathera msewu wa M1. Kutsidya kwa mlatho ndi ku Kasumulu, m'dziko la Tanzania. Tsiku lililonse pamadutsa malole a mafuta ochokera ku Dar es Salaam, mabasi, amalonda opita ku Kyela ndi ku Mbeya, komanso anthu othawa nkhondo omwe ulendo wawo umakathera ku Dzaleka. Kukabuka mliri, maso a azaumoyo amathamangira pa kutentha thupi, kutsekula m'mimba ndi chifuwa. Khungu limabwera pambuyo. Komatu mbiri ya dera limeneli ikusonyeza kuti matenda a pakhungu akhala akuyenda ndi anthu m'njira imeneyi kwa zaka zoposa 130, ndipo ku Karonga komweko ndi kumene kunachitikira kafukufuku wamkulu wosonyeza phindu loyang'ana khungu mosamala.

Njira ya amalonda

Mlatho usanamangidwe, kumpoto kwa nyanja ya Malawi kunali kale mphambano. Amalonda a Chiswahili ankadutsa m'dziko la Angonde ndi minyanga ya njovu ndi akapolo, ndipo mmodzi wa iwo, Mlozi, anamanga linga ku Mpata mpaka pomwe anagonjetsedwa mu Disembala 1895. Kampani ya African Lakes, yomwe anthu ankaitchula kuti Mandala, inatsegula sitolo ku Karonga mu 1884. Msewu wa Stevenson, womwe unayamba kulambulidwa mu 1881, unali woti ulumikize Karonga ndi nyanja ya Tanganyika. Mu 1890 Angerezi ndi Ajeremani anagwirizana kuti mtsinje wa Songwe ukhale malire a madera awo. Malirewo anali a papepala. Anthu, ziweto ndi matenda zinapitiriza kuwoloka. Mliri wa ng'ombe womwe unapululutsa makola a Angonde mu 1892 unachokera kumpoto. Matekenya nawo anafika m'zaka zomwezo.

Matekenya: mlendo wa ku Brazil

Ambiri amaganiza kuti matekenya ndi akale ngati dothi la kuno, koma kwawo ndi ku South America. Olemba mbiri ya zachipatala amati anafika mu Africa mu 1872, m'mchenga womwe sitima ya pamadzi yotchedwa Thomas Mitchell inanyamula kuchokera ku Brazil n'kukautaya pa doko la Ambriz ku Angola. Kuchokera pamenepo anayenda ndi mapazi a anthu onyamula katundu, asilikali ndi amalonda. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1890 anali atafika kumpoto kwa nyanja ya Malawi, kenako anatsikira kummwera. Harry Johnston, m'buku lake la mu 1897 lotchedwa British Central Africa, anawafotokoza ngati chinthu chachilendo m'dziko muno. Zaka za m'ma 1890 zisanathe, anali atafika kugombe la kum'mawa kwa Africa.

Chifukwa chomwe anafalira msanga chotere chili m'moyo wa kachilomboka. Tekenya, yemwe dzina lake la sayansi ndi Tunga penetrans, ndi mtundu wa utitiri. Wamkazi amakhala wa milimita imodzi yokha. Amaboola khungu, makamaka kuzala za kumapazi, pansi pa zikhadabo ndi kuchidendene, n'kufufuma mpaka kukula ngati nsawawa. Ali m'khungumo amataya mazira pansi kwa masabata angapo, kenako amafa. Mazirawo amaswa m'dothi louma, la mchenga kapena la fumbi. Choncho munthu mmodzi wogona pamalo opumulira amasiya mbewu yodzagwira onse obwera pambuyo pake. Anthu a nthawi imeneyo sankawadziwa, moti ankawasiya mpaka zala zitatukusira. Ena anaduka zala, ena analephera kuyenda.

Amtengatenga

Nkhondo yoyamba ya padziko lonse inasandutsa Songwe bwalo la nkhondo. Pa 9 Seputembala 1914 asilikali a Germany ndi a Britain anamenyana ku Karonga, ndipo mu Meyi 1916 gulu la General Edward Northey linalowa m'dera la Ajeremani kuchokera mbali ino. Misewu ya galimoto inali yochepa, choncho chakudya ndi zipolopolo zinkayenda pamitu ya anthu. Amuna pafupifupi 200,000 a ku Nyasaland anagwira ntchito ya mtengatenga. Ambiri ankayenda opanda nsapato, chakudya chili chochepa, akugona mothithikana. Kamwazi, chibayo ndi malungo ndi zomwe zinapha ambiri, koma matekenya ndi zilonda za m'miyendo zosapola msanga zinkagwetsa anthu panjira. Phunziro la nthawi imeneyo likadalipo: kabala kakang'ono pa phazi la munthu wanjala, woyenda mtunda wautali wopanda sopo ndi madzi, sikachedwa kusanduka chilonda chachikulu.

Chilumba ndi kafukufuku wa khate

Mbali ina ya mbiriyi ndi yolimbikitsa. Boma la Karonga linali limodzi mwa madera omwe khate linali lochuluka m'Malawi. Mu 1979 bungwe la LEPRA, mogwirizana ndi London School of Hygiene and Tropical Medicine, linayamba kafukufuku ku Chilumba motsogozedwa ndi Jörg Pönnighaus ndi Paul Fine. Njira yake inali yosavuta kuifotokoza koma yolemetsa kuichita: ogwira ntchito ankayenda khomo ndi khomo m'boma lonse, kulemba aliyense ndi kuyang'ana khungu lake. Anthu oposa 100,000 anayezedwa motero kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980.

Pakati pa 1986 ndi 1989, anthu oposa 120,000 analowa m'kafukufuku wa katemera. Zotsatira zake, zomwe zinatuluka m'magazini ya The Lancet mu 1996, zinasonyeza kuti kubaya BCG kachiwiri kumachepetsa khate ndi pafupifupi theka, ngakhale kuti sikunateteze ku chifuwa chachikulu cha m'mapapo. M'zaka zomwezo, mankhwala ophatikiza omwe bungwe la WHO linalimbikitsa kuyambira mu 1982 anasintha chithandizo cha khate. Mu 1994 Malawi inafika pa mlingo wa wodwala wosakwana mmodzi mwa anthu 10,000 alionse. Ntchito ya ku Chilumba inapitirira pansi pa dzina la Karonga Prevention Study, ndipo lero ili m'manja mwa MEIRU.

Kufika pa mlingo umenewo sikutanthauza kuti khate linatheratu. Odwala atsopano akupezekabe m'dziko muno, pomwe azaumoyo omwe analiwonapo ndi maso akucheperachepera. Matendawa amabisala m'thupi zaka 5, nthawi zina mpaka 20, asanaonekere. Munthu angathe kuwoloka Songwe kambirimbiri ali ndi banga lomwe iye akuliyesa chikanga kapena chipere.

Msewu wa lero

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Msewu womwe umabweretsa mafuta, feteleza ndi malonda umabweretsanso kugona mothithikana m'nyumba zogona alendo, kubwerekana zofunda, ndi kukhala masiku pamzere wa malole popanda posamba pabwino. Mmenemo ndi momwe mphere zimafalira. WHO inaika mphere pa mndandanda wa matenda onyalanyazidwa a m'madera otentha mu 2017. Wogwidwa koyamba amayamba kumva kuyabwa pakatha masabata 4 mpaka 6, ndiye kuti amakhala atafika kale kwawo ndi kupatsira a m'nyumba mwake. Kukanda kumatsegula njira ya mabakiteriya, ndipo ena mwa iwo amatha kuwononga impso, makamaka mwa ana.

Palinso mpox. Pa 14 Ogasiti 2024 WHO inalengeza kuti matendawa ndi vuto ladzidzidzi lokhudza mayiko onse, ndipo mu 2025 Tanzania ndi Malawi anatsimikiza odwala awo oyamba. Zizindikiro zimatha kuchedwa mpaka masiku 21. Munthu wopanda kutentha thupi pa chipata angathe kutuluka matuza patatha sabata ali kumudzi. N'chifukwa chake ntchito ya pamalire siithera pa mlatho. Imafika kwa mlangizi wa zaumoyo ndi wodzipereka wa m'mudzi momwe wapaulendoyo akukagona.

Zomwe mbiriyi ikuphunzitsa

Choyamba ndi kufunsa. Wodwala aliyense wa zotupa, zilonda kapena kuyabwa afunsidwe komwe wayenda m'masabata 6 apitawa, komwe anagona, ndi amene anagona naye chofunda chimodzi. Kudziwa mawu a Chiswahili kumathandiza: matekenya ndi funza, mphere ndi upele, khate ndi ukoma.

Chachiwiri ndi kuyang'ana, poyera bwino komanso pamalo olemekeza wodwala. Mapazi awonedwe mpaka pakati pa zala ndi pansi pa zikhadabo. Pofufuza mphere, malo ofunika ndi pakati pa zala za m'manja, pamfundo za manja, m'chiuno ndi kumaliseche. Banga lotuwa kapena lofiirira, losayabwa, liyesedwe ndi thonje wodwala atatsinzina. Ngati sakumva kukhudzako, atumizidwe kuchipatala kuti akamuyeze khate. Mankhwala ake ndi aulere, amamwedwa miyezi 6 kapena 12, ndipo woyamba kumwa amasiya kupatsira ena. Wodwala matuza, kutentha thupi ndi mwanabere apatulidwe, womuthandiza avale magolovesi, ndipo ofesi ya zaumoyo ya boma idziwitsidwe tsiku lomwelo.

Chachitatu ndi uphungu kwa apaulendo eniake. Avale nsapato zotseka, makamaka m'malo a fumbi, asambe mapazi ndi sopo madzulo alionse ndi kuwayang'ana. Anyamule chitenje kapena chofunda chawochawo. Kabala kalikonse katsukidwe ndi kuphimbidwa tsiku lomwelo. Tekenya asazulidwe ndi minga, pini kapena lumo lobwerekana, chifukwa njira imeneyi imabweretsa kafumbata ndi mafinya, ndipo chida chobwerekana chingafalitse HIV ndi hepatitis B. Kumene mafuta a dimeticone akupezeka, amapha tekenya ali m'khungu momwemo. Kumene kulibe, azule ndi wachipatala pogwiritsa ntchito zida zophikidwa bwino, ndipo afunse za katemera wa kafumbata. Pa mphere, onse a m'nyumba alandire mankhwala nthawi imodzi, ngakhale omwe sakumva kuyabwa, ndipo zovala ndi zofunda zichapidwe m'madzi otentha kapena zitsekeredwe m'thumba la pulasitiki kwa sabata.

Chomaliza ndi ulemu. Matekenya, mphere ndi khate ndi matenda omwe anthu amabisa chifukwa choopa kunenedwa kuti ndi auve kapena olodzedwa. Wapaulendo wokhala ndi mantha oti abwezedwa pa chipata amatsitsa mkono wa malaya n'kudutsa. Mphere kapena khate si chifukwa chomuletsera munthu ulendo. Chofunika n'chakuti adziwe matenda ake, alandire chithandizo, ndipo adziwe chipatala chomwe akapitirizire kumwa mankhwala kumene akupitako.