Zolakwa pa Haji: zomwe zimalipika ndi zomwe sizilipika

Msilamu amene wasunga ndalama kwa zaka zambiri kuti akachite Haji ku Makkah amanyamuka ndi nkhawa yakuti angalakwitse kena kake, ulendo wonse n'kupita pachabe. Nkhawayi ndi yomveka, poti ambiri sadzapezanso mpata wachiwiri. Komabe malamulo a Chisilamu sayika zolakwa zonse pa mulingo umodzi. Zina zimafafanizika pozinga mbuzi kapena kusala kudya, pomwe zina, ngakhale ndi zochepa, sizilipika ndi chuma chilichonse.

Asilamu ambiri a ku Malawi amatsata chiphunzitso cha Imam Shafi'i, chomwe chimasiyanitsa nsichi za Haji ndi zofunika zina. Nsichizo ndi kuchita niya yolowa mu ihram, kuima pa Arafat, kuzungulira Kaaba kasanu ndi kawiri pobwera ku Arafat, kuyenda kasanu ndi kawiri pakati pa timapiri ta Safa ndi Marwa, kumeta kapena kudula tsitsi, ndiponso kutsata ndondomeko yake. Nsichi ikasowa, Haji siinakwanire.

Yoopsa pa zonsezi ndi ya Arafat, chifukwa nthawi yake ikadutsa siibwereranso. Arafat ndi chigwa chomwe chili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20 kuchokera ku Makkah. Nthawi yoima kumeneko imayamba dzuwa likapendeka pa 9 mwezi wa Dhul Hijjah ndipo imatha m'bandakucha wa pa 10. Mawu akuti "kuima" asasokoneze munthu: wokhala pansi, wogona tulo kapena wodwala amene wanyamulidwa pa machira, bola ali ndi nzeru zake, wakwaniritsa lamulo ngati wapezeka mkati mwa malire a chigwacho ngakhale kwa kamphindi. Koma amene basi yamuchedwetsa mpaka kunja kwacha, Haji ya chaka chimenecho yamuphonya. Amachita miyambo ya Umra kuti atuluke mu ihram, ndipo ayenera kudzabwereza Hajiyo ndi kuzinga nyama.

Chinthu china chomwe chimaononga Haji yonse ndi kukhala malo amodzi kwa mwamuna ndi mkazi, mwadala, asanamasuke koyamba ku ihram. Wolakwayo amamalizabe miyambo yonse, amabwereza Haji chaka chotsatira, ndipo dipo lake ndi ngamila.

Zofunika zina zija zili ndi khomo lotulukira. Izi ndi monga kugona ku Muzdalifah, kugona ku Mina, kugenda timiyala pa zipilala za ku Mina, kuzungulira Kaaba kotsazikana, ndi kulowa mu ihram pa malire oikika otchedwa miqat. Wosiya chimodzi mwa izi amazinga nkhosa kapena mbuzi m'dera lopatulika la Makkah, nyama yake n'kugawira osauka a kumeneko. Mbuzi yozingidwa ku Mangochi munthu atabwerako siilowa m'malo mwake. Wopanda ndalama amasala masiku 10: atatu akadali pa Haji, asanu ndi awiri atafika kwawo.

Pa miqat ndi pomwe apaulendo a pa ndege amapunthwa kawirikawiri. Malirewa adaikidwa nthawi ya Mtumiki Muhammad, pomwe anthu ankayenda pansi ndi pa ngamila. Lero munthu amawadutsa ali m'mwamba, mwina ali m'tulo. Obwera kuchokera kummwera malire awo ndi Yalamlam, ndipo akatswiri ambiri a malamulo amati amene wadutsa moyang'anizana ndi malowa asadikire kutera ku Jeddah. Nzeru yapafupi ndiyo kuvaliratu nsalu ziwiri zoyera zija pa bwalo la ndege lomaliza kusinthira, kaya ndi Addis Ababa kapena kwina, kenaka n'kuchita niya ndege isanafike pa malirewo. Nsalu payokha si ihram. Chomwe chimalowetsa munthu ndi niya. Amene akuyamba wapita ku Madinah alibe vuto limeneli, chifukwa adzalowa mu ihram pa Dhul Hulayfah akamatuluka mumzindawo. Ndipo amene wadutsa malire, akabwererako asanayambe mwambo uliwonse, dipo limamuchoka.

Zoletsedwa za mu ihram zili ndi dipo lopepuka. Kumeta, kuwenga zikhadabo, kudzola zonunkhira, komanso kwa mwamuna kuvala zosokedwa motsata thupi kapena kuphimba mutu, munthu amasankha yekha: kusala masiku atatu, kudyetsa osauka asanu ndi mmodzi, kapena kuzinga nkhosa. Maziko ake ali mu sura ya Al-Baqarah, ndime 196. Amene wadzola kapena kuvala chisoti moiwala salipira kanthu, bola achotse akangokumbukira.

Amayi ambiri amada nkhawa ndi kupita kumwezi ali pa ulendowu. Izi zidachitikiranso Aisha, mkazi wa Mtumiki, ndipo lamulo lidachokera pomwepo: mayi wotere amachita zonse, kuphatikizapo kuima pa Arafat ndi kugenda, kupatula kuzungulira Kaaba, komwe amadikira mpaka atayera. Kuzungulira kotsazikana amakhululukidwa kopanda dipo. Koma kuzungulira kwa nsichi kuja sikukhululukidwa, motero mayi amene tsiku la ndege lamuyandikira adziwitse shehe wa gulu lake msanga.

Okalamba ndi odwala amaloledwa kutuma wina kuti akawagendere, ndipo ndi bwino kugwiritsa ntchito chilolezochi mopanda manyazi. M'chaka cha 2015 anthu mazanamazana adafa popondana ku Mina, ndipo mu 2024 oposa 1,300 adamwalira, ambiri chifukwa cha kutentha. Wotumidwayo ayambe wagenda timiyala take asanagende ta mnzake. Ambulera ndi yololedwa kwa mwamuna amene ali mu ihram, chifukwa choletsedwa ndi chophimba chomwe chikukhudza mutu, osati mthunzi.