Wotchi ya pa Doko la Nkhata Bay

Mawotchi asanafike, Atonga a m'mbali mwa nyanja ankawerenga nthawi kumwamba ndi pamadzi. Msodzi ankakankha bwato tambala woyamba akalira, ndipo usipa ankaudikira masiku amene mwezi uli kumdima. Mnzako akati tikumane dzuwa likapendeka, panalibe zofunsana mphindi. Mishoni ya Livingstonia itasamukira ku Bandawe mu 1881, inabwera ndi belu ndi wotchi, tsiku nkuyamba kudulidwa m'zidutswa: nthawi ya sukulu, ya ntchito, ya mapemphero.

Komatu wotchi imafuna poyambira. Mu 1884 mayiko anakumana ku Washington nagwirizana zoti Greenwich, ku London, ikhale poyezera dziko lonse. Nyasaland inakhala zaka zingapo ikuyendera nthawi ya Zomba, imene inkatsogola ndi mphindi 21 poyerekeza ndi yathu ya lero, mpaka mu 1925 pamene tinakhazikika pa maola awiri patsogolo pa Greenwich. Dzuwa silinamve nawo lamuloli. Pa Nkhata Bay limafika paliwombo wotchi isanakwane 12 koloko, kawirikawiri ndi mphindi khumi ndi zingapo. Sitima ya Ilala, yopangidwa ku Scotland nkulumikizidwa ku Monkey Bay, itayamba kuyenda mu 1951, doko linakhala malo amene munthu wa ku Usisya kapena ku Likoma ankakumana ndi nthawi yolembedwa papepala.

Tsidya la nyanja, ku Mbamba Bay m'dziko la Tanzania, wotchi imatsogola ndi ola limodzi. Kuwonjezera apo, Chiswahili chimayamba kuwerenga maola dzuwa likatuluka, kotero kuti ola loyamba la tsiku ndi limene ife timati 7 koloko m'mawa. Wamalonda wowoloka nyanjayi amasenza nthawi zitatu m'mutu, ndipo foni yake ikagwira netiweki ya tsidyalo imadzisinthira yokha osamufunsa.

Ine chimene chimandisunga pa nkhaniyi ndi tsiku limodzi. Pakati pa usiku, polowa pa 3 Malichi 1959, Bwanamkubwa Robert Armitage analengeza kuti dziko lili pa ngozi, apolisi ndi asilikali nayamba kugwira atsogoleri a Nyasaland African Congress. Ogwidwa a kumpoto anawatsekera m'sitima ya Mpasa pa doko lino. Anthu atakhamukira padoko kufuna abale awo, asilikali anawombera. Bungwe lofufuza la Devlin linalemba kuti anafa anthu 20. Eni dera amawerenga oposa pamenepo. Tsiku la Ofera Dziko timalikumbukira pa 3 Malichi. Koma pa mphindi imene lamulo lija linkayamba kugwira ntchito ku Zomba, ku London inali 10 koloko usiku wa pa 2 Malichi.

Kusiyana kumeneku kwalowa m'thumba mwa aliyense lero. Mayi wogulitsa usipa padoko akalandira ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money, uthenga umabwera ndi tsiku ndi ola, ndipo pakabuka mkangano wa ngongole umboni ndi womwewo. Mapulogalamu ambiri a m'foni amasunga zinthu m'nkhokwe yotchedwa SQLite, imene ilibe chipinda chakechake cha tsiku kapena nthawi. Wolemba pulogalamu amasankha yekha: kulemba tsikulo ngati mawu, kapena ngati nambala ya masekondi amene adutsa kuchokera pakati pa usiku polowa pa 1 Januwale 1970, pa nthawi ya Greenwich. Njira ya nambalayi ndi yabwino pa malonda, chifukwa ndalama yotumizidwa ku Johannesburg kapena ku Mbamba Bay imakhala ndi mphindi imodzi yokha, foni iliyonse nkuimasulira m'nthawi ya kwawo.

Pa mbiri, njira yomweyi imapunthwa. Tsiku la 3 Malichi 1959 limagwera kumbuyo kwa poyambira, ndiye limalembedwa ngati nambala yochotsera, masekondi oposa 341 miliyoni pansi pa ziro. Wolemba pulogalamu akalisunga ngati pakati pa usiku wa ku Malawi, mdzukulu wa ofera aja amene ali ku London adzaliona pa foni yake ngati 2 Malichi. N'chimodzimodzi tsiku lobadwa la agogo amene kalaliki anangowalembera 1 Januwale posowa lenileni: likhoza kubwerera m'chaka cham'mbuyo. Maganizo anga ndi akuti masiku otere asungidwe monga alili, chaka, mwezi ndi tsiku, opanda ola lowamangirira. Ndipo pofunika ola, palembedwenso dera la nthawiyo.

M'kaundula wa madera a nthawi amene mafoni amatsatira, Malawi yense ali pansi pa dzina la Africa/Blantyre, ndipo dzinalo amangolilozetsa ku Africa/Maputo, popeza mawotchi athu ndi a ku Mozambique akhala akufanana kuyambira 1970.