Kuchokera pa Humber ya bambo kufika pa njinga za magiya

Abale anga a kuno kwa Chitukula, ndi inu muli ku 25, ku Mchesi ndi kwina m'tauni, lero ndikufuna tikambeko za njinga. Chandiyambitsa nkhaniyi ndi zomwe zinandionekera mwezi wathawu. Ndinamanga thumba la soya pa kaliyala kupita ku msika wa Lumbadzi, ndipo pa kamtunda kena nditasintha giya, tcheni inadumpha n'kulowa m'masipoko. Masipoko anayi anathyoka, gudumu linapindika. Ndinakankha njinga mpaka kumsika, ndipo ndalama yomwe ndinkati ndiwonjezere pa feteleza inathera kwa okonza. Njingayo anandigulira ndi mwana wanga wa m'tauni, ndiye ndinachita manyazi kumuuza.

Amsinkhu wanga mukukumbuka kuti kale kunalibe zimenezi. Njinga zoyamba m'midzi muno zinkabwera ndi azibambo ochokera ku Wenela ndi ku Halale. Bambo anga anabwera ndi Humber yakuda, ena anali ndi Raleigh. Zonsezi zinali za ku England. Giya inali imodzi basi, mabuleki ake anali a timitengo tachitsulo, panalibe waya ngakhale mmodzi. Ikavuta, sipanala imodzi inkakwana. Pokwera mtunda munthu unkatsika n'kumakankha, ndipo palibe ankaona chachilendo.

Mu 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, ku Botswana, ndipo Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo anafera pomwepo. Kamuzu analetsa ulendo wa kumigodi. Unadzatsegulidwanso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, koma opita anachepa, mpaka unatheratu mu 1988. Njinga za ku Joni zinachepanso nthawi yomweyo. M'malo mwake m'masitolo munadzaza za ku India ndi ku China, monga Hero, Avon ndi Phoenix. Kapangidwe kake kanali konga ka Humber komwe kaja, giya imodzi, ngakhale akuluakulu ankati chitsulo chake n'chofewa.

Alimi ang'onoang'ono atatilola kulima fodya wa bale m'zaka za m'ma 1990, ambiri njinga yoyamba tinagula ndi ndalama za ku okushoni ku Kanengo. Kenaka kunabwera njinga zakaunjika, zogwiritsidwa kale ntchito kunja, ndipo apa m'pamene magiya anafika m'mudzi muno. Anyamata anazikonda chifukwa n'zopepuka ndipo pamtunda sutsika. Koma akabaza ambiri mpaka lero amakakamirabe njinga ya giya imodzi. Nawonso a World Bicycle Relief, popanga njinga ya Buffalo yonyamula makilogalamu 100 pa kaliyala, anayamba ndi ya giya imodzi. Ankadziwa misewu yathu.

Kunjako magiya si achilendo. Kampani ya Sturmey-Archer ku Nottingham inayamba mu 1902 kupanga magiya obisika m'kati mwa habu ya gudumu lakumbuyo, momwe fumbi silifika. Kachitsulo kolendewera kamene tili nako ife, kosuntha tcheni pa mano akumbuyo, anakalola mu mpikisano waukulu wa Tour de France mu 1937. Mu 1984 kampani ya Shimano ya ku Japan inatulutsa kosinthira komveka "tiki, tiki", kamene kulira kamodzi ndi giya imodzi. N'kosavuta kugwiritsa, koma waya akangotamuka pang'ono zonse zimasokonekera. Ndiye onani, zinthuzi ife tikunyamulira matumba m'fumbi ndi m'matope.

Nditakonzetsa gudumu ndinakhala pansi pa mtengo ndi mkulu wina wokonza njinga, ndipo zomwe anandionetsa ndazichita ndekha kunyumba, zatheka. Ndikuuzeni.

Choyamba, musanagwire sikuluwu iliyonse, imani kumbuyo kwa njinga n'kuyang'ana kachitsulo kolendewera kaja. Timawilo take tiwiri tiyenera kulunjika pansi, mzere umodzi ndi mano omwe tcheni yakhalapo. Ngati kapendekera ku masipoko, ndiye kuti kapindika pomwe kamamangirira ku fulemu. Zimachitika njinga ikagwera mbali ya tcheni, kapena mukaitsamiritsa pa matumba. Langa vuto linali limeneli. Kuwongola kumafuna kuchita pang'onopang'ono chifukwa kena kamathyoka msanga, ndipo ngati simukudzidalira pitani nayo kwa odziwa.

Chachiwiri, pa kachitsuloko pali timasikuluwu tiwiri, kena kolembedwa H, kena L. Timeneti ndi malire. Ka H kamaletsa tcheni kugwera kunja ikafika pa mano ang'ono kwambiri. Ka L kamaletsa tcheni kupitirira mano aakulu n'kulowa m'masipoko. Imikani njinga chagada kapena muikoleke pa nthambi. Ikani tcheni pa mano ang'ono, potokolani H mpaka kawilo kam'mwamba kakhale pansi penipeni pa manowo. Kenaka kwezani tcheni pa mano aakulu, mumange L mpaka kachitsulo kasiye kusunthira ku masipoko, koma tcheni izikwerabe bwinobwino.

Chachitatu ndi waya. Pomwe waya amalowera pa kachitsulo pali kanati kopotokola ndi zala. Ngati mwasintha koma tcheni ikuchedwa kukwera pa mano aakulu, waya watamuka. Potokolani kanatiko ngati mukukamasula, theka la kuzungulira, n'kuyesanso uku mukuzungulitsa pedulo ndi dzanja. Ngati ikukwera bwino koma ikukana kutsikira ku mano ang'ono, waya wakungika kwambiri, kabwezeni m'kati pang'ono. Ikakanabe, ndiye kuti m'chikopa cha waya mwalowa fumbi kapena dzimbiri. Musololeni wayayo, mupukute, mupake oyilo pang'ono. Ngati wayamba kuyoyoka, gulani wina, musadikire kuti adukire panjira.

Pali vuto lina lomwe masikuluwu sangathetse. Ngati tcheni ikulumpha mano mukaponda mwamphamvu, ndiye kuti yatha. Tcheni yotha imadyanso mano, ndipo mukaika yatsopano pa mano odyeka idzalumphabe, choncho nthawi zambiri zimafuna kusintha zonse pamodzi. Ambirife timathira oyilo wakuda wotsala ku chigayo, fumbi n'kumamatira, ndipo phala limenelo ndi lomwe limapala chitsulo. Tsukani tcheni ndi palafini, iume, donthezani oyilo woyera pang'ono, n'kupukuta wotsalayo.

Kaponyedwe ka mwendo nakonso n'kofunika. Sinthani giya musanayambe mtunda, ndipo posintha pepuzani phazi. Ine ndinasintha ndili pakati pa mtunda, nditaimirira pa pedulo, thumba lili kumbuyo. Cholakwa china chinali changa, ndavomera.

Kwa inu a m'tauni, tikuthokoza pa njinga zomwe mumatitumizira. Koma musanagule funsani kaye kuti njingayo izigwira ntchito yanji. Ya mwana wa sukulu kapena yoyendera ku chipatala, ya magiya ndi yabwino. Yonyamulira chimanga, nkhuni ndi feteleza, igwireni ya giya imodzi. Ndipo mukatumiza ya magiya, ikanimo waya wapadera ndi tcheni, chifukwa kuno sizipezeka nthawi zonse.

Humber ya bambo ija fulemu yake ikadalipo kuseri kwa nkhokwe. Amene akufuna ndimuonetse za H ndi L abwere ndi njinga yake Loweruka masana tikaweruka kumunda, sikuludilaiva ndili nayo. Ndipo amene mukukumbuka njinga yoyamba kufika m'mudzi mwanu, lembani pansipa, ana adziweko.